Masiku Amene Chiwongolero Chidali ndi Mwini Wake

Ana anga, inu amene lero mumakwera shapa, minibasi yonyamula anthu, ku Cuamba m'mamawa n'kukadya nsima ya masana ku Lichinga, mukuyenda pa phula losalala maso ali pa foni, mwina mudzayesa nthano ndikakuuzani kuti ulendo womwewo, wa makilomita pafupifupi 300, kale unkadya masiku awiri m'chilimwe, ndipo m'dzinja munthu ankatsanzika abale osatchula tsiku lobwerera. Nthawi imeneyo Cuamba ankatchedwa Nova Freixo, Lichinga ankati Vila Cabral, ndipo msewu udali wa katondo yekhayekha, amene mu Okutobala ankauluka n'kulowa mpaka m'mano, koma mvula ikangogwa ankaterera moti ndi woyenda pansi yemwe ankavula nsapato n'kuzikolowekera pakhosi. Tsono pamene ndikumva kuti kumaiko akutali kwabwera magalimoto oyenda okha, opanda munthu pa chiwongolero, ndipo achinyamata akuikamba nkhaniyi mosangalala pansi pa mango pafupi ndi siteshoni ya Entre Lagos, mtima wanga ukubwerera kwa anthu amene adatinyamula m'misewu ija, ndi ku chimene tinkawakhulupirira nacho.

Udalaivala wa masiku amenewo sunkayambira pa pepala. Mnyamata ankayamba ndi uajudanti, ntchito yothandiza dalaivala, ndipo ine ndidalowa ntchito imeneyi ndevu zisanamere, pa lole ya Bedford ya mmwenye wina wa sitolo, imene inkatsika ndi thonje, fodya ndi nyemba, n'kukwera ndi mchere, sopo, nsalu, makasu ndi palafini. Ajudanti ankadzuka tambala woyamba akulira, kuthira madzi mu radiyeta, kusolola kachitsulo koyezera oyilo n'kukapukutira pa kabudula, kugogoda matayala onse ndi sipanala kuti amve ngati lina lafooka usiku, kenako n'kupukusa hendulo kutsogolo mpaka injini itatsokomola n'kudzuka. Pa chitunda ankalendewera pa chitseko, chipika chili m'manja, kuti lole ikangolephera kukwera adumphe n'kuchiika kuseri kwa tayala isanayambe kubwerera chafutambuyo. Usiku ankagona pansi pa lole, fungo la oyilo ndi la matemba ouma litalowerera m'bulangeti. Zinkapita zaka asanaloledwe kugwira chiwongolero, ndipo ngakhale pamenepo ankayamba ndi kubweza lole pa bwalo la sitolo, mphunzitsi wake ataima pambali mikono ili kumbuyo, osanena kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphunzitsi wanga adali amalume, mlongo wawo wa amayi, munthu wa mawu ochepa amene galimoto ankaimva ndi thupi lonse. Ankaika nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chigwiriro n'kuchikanikiza kukhutu, natsinzina, kenako n'kuloza ndi chala kuti vuto lili apa. Tikamasula tinkalipeza pomwepo. Mphuno yawo inkasiyanitsa fungo la mabuleki otentha, la kilatchi yopserera ndi la waya wosungunuka, ndipo ankaima utsi usanaoneke. Thanki ikabooka ndi mwala tinkamata ndi sopo wofewetsa. Radiyeta ikayamba kudontha tinkathiramo dzira kapena ufa pang'ono. Lamba wa fani akaduka, chingwe cha khonje chinkatifikitsa pa sitolo yotsatira. Chubu chikang'ambika koposa kumata, tinkaphatika udzu m'tayala n'kumayenda mwakachetechete mpaka kumene kuli anthu. Zonsezi zinkatheka chifukwa chilichonse cha m'galimoto chinkaoneka ndi maso ndi kugwirika ndi manja: chitsulo ichi chikukankha icho, icho chikutembenuza chinacho, kotero kuti munthu wofatsa ankatha kulilondola vuto kuchokera pamene laonekera mpaka pamene labadwira.

Komatu kudziwa chitsulo kokha sikunkakwanira, munthu ankayeneranso kudziwa msewu ndi anthu ake. Amalume ankadziwa dambo lililonse pakati pa Cuamba ndi Mandimba, ankaudziwa mlatho wa mitengo umene chiswe chaudya kunsi ngakhale pamwamba ukuoneka wolimba, ndipo ankadziwa kuti mvula ikagwa masiku angapo kumbali ya nyanja ya Amaramba, mtsinje wa Lugenda tikaupeza utadzaza ngakhale kumene tiliko kukuwala dzuwa. Madzi saiwala khwawa, ankatero, ndipo pamalo pamene padakokolokapo chaka china ankatsika kukaponda ndi phazi ngakhale pataoneka pouma. Tikapeza madzi akudutsa pamwamba pa msewu, ine ndinkavula malaya n'kulowamo ndi ndodo yaitali, kufufuza pansi phazi ndi phazi, iwo ali kumtunda akuyang'ana pamene madzi akundilekeza. Akafika m'chiuno, tinkakoleza moto n'kuphika nsima, kudikira kuti aphwe. Tisanakwere mapiri a ku Massangulo, m'dera la Ngauma, ankaima pamudzi kufunsa amene atsika kumene ndi njinga kuti kutsogoloko kwacha bwanji, pakuti safunsa adadya phula. Nzeru za msewu zinkayenda pakamwa, kuchokera kwa wa njinga kupita kwa wa lole, kwa wa lole kupita kwa mnzake wokumana naye, magalimoto awiri ataima mawindo atayang'anizana pakati pa tchire.

Msewu udalinso ndi malamulo ake osalembedwa pa chikwangwani chilichonse. Masamba aawisi oyalidwa pamsewu ankatanthauza kuti patsogolo pali galimoto yowonongeka kapena pali maliro, ndipo dalaivala woleredwa bwino ankadziwa kusiyanitsa: akaona amayi atakhala pansi m'mbali mwa nyumba, abambo ali chapatali pansi pa mtengo, ankachepetsa liwiro, kuvula chipewa, hutala osaikhudza. Nkhuku ikadumpha msewu, ankadziwa kuti kumbuyo kwake kungatulukire mwana woithamangitsa. Mbuzi imodzi ikawoloka, zinzake zili m'njira. Munthu woyenda mopepesuka madzulo a tsiku la msika ankasiyiridwa msewu wonse. Dalaivala ankamuyang'ana munthu kumaso, munthuyo n'kumuyang'ananso, ndipo awiriwo ankagwirizana popanda mawu kuti ayambe kudutsa ndani.

Chimene chinkatilimbitsa mtima kuti tikweze mayi wodwala kapena mwana wakhanda pa lole yotere, usiku, m'matope, chidali chakuti dalaivalayo tinkamudziwa. Tinkadziwa kwawo, kumene adakwatira, ngati amamwa kapena ayi, ndipo amayi a pamsika ankanong'onezana kuti lole ya uje sakwera Loweruka madzulo. Kuwonjezera apo, iyeyo ankakhala kutsogolo kwenikweni, kotero kuti ngozi ikabwera inkayambira pa iye. Moyo wake udali chikole cha miyoyo yathu. Ndipo zikavuta, padali munthu womufunsa. Dalaivala akagunda mbuzi ankaima, kufunafuna mwini wake, n'kulipira. Akagunda munthu, kupatula za apolisi, abale ake ankapita kusiwa atanyamula ufa ndi nkhuku, n'kukhala pansi pamaso pa anamfedwa ndi amfumu kufotokoza mmene zidachitikira, chifukwa mlandu suwola, ndipo mtima wa wofedwa supola asanamve mawu ochokera kwa amene dzanja lake lidachita.

Ku njanji kudalinso chimodzimodzi. M'chaka cha 1970, pamene njanji yochokera ku Nova Freixo idadutsa kwathu kuno pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, kuwoloka malire pa Nayuchi n'kukalumikizana ndi ya ku Malawi pa Nkaya, Entre Lagos idadzuka n'kukhala malo a anthu. Sitima ikaima, siteshoni yonse inkanunkhira milamba yowamba, mpunga watsopano ndi chinangwa chootcha, amayi akukwezera nthochi ndi mizimbe m'mawindo. Koma ine amene ndinkakonda kumuonerera adali mkulu wina wa nyundo ya mpini wautali, amene ankayenda m'mbali mwa mabogi kugogoda gudumu lililonse, khutu litatcheredwa. Gudumu labwino linkalira mokoma, long'aluka linkalira mogontha, ndipo mkuluyo akapukusa mutu, bogi limenelo linkatsala ngakhale wina akwiye motani. Padali a mabuleki, a mbendera, a kangolo koyendera njanji m'mamawa kuona ngati mvula yakumba pansi pa zitsulo, ndi mkulu wa siteshoni amene popanda chilolezo chake makinisita, woyendetsa sitima, sankasuntha. Ulendo umodzi unkadutsa m'manja ndi m'makutu mwa anthu ambiri, aliyense wa iwo ali ndi mphamvu yonena kuti imani. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Kenako idabwera nkhondo. Pofika 1984 sitima zopita ku Nacala zidasiya kuyenda, udzu udamera pakati pa njanji, ndipo ambiri a ife tidawolokera ku Malawi mitolo ili pamutu, kukakhala m'gulu la anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene adathawira kumeneko. Amene adatsalira pa chiwongolero adaphunzira kuwerenga msewu mwa njira ina yowawa. Magalimoto ankayenda mondondozana, asilikali ali patsogolo, malole a IFA ochokera ku East Germany akubuula mumchenga, ndipo dalaivala aliyense ankaponda ndendende m'mapazi a tayala la mnzake wa patsogolo, maso ali pa dothi, kufuna pamene pafukulidwa chatsopano, pamene mchenga wasalazidwa ndi dzanja, kapena pamene mudzi wangoti zii, nkhuku osamveka. Ngakhale mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama, mabomba okwirira adakhalabe m'nthaka zaka zambiri, mpaka mu 2015 pamene dziko lidalengeza kuti onse odziwika achotsedwa. M'zaka zimenezo tidaphunzira kuti kawirikawiri chimene chimapha munthu paulendo ndi chimene sadachionepo, ndipo wopulumuka ndi amene mtima wake umagunda akaona chachilendo, n'kuima ngakhale asanadziwe chimene chamuimitsa.

Titabwerera kumudzi, njanji ya makilomita 77 pakati pa Cuamba ndi Entre Lagos idali itatopa kotero kuti sitima inkakwawa, mnyamata wa njinga n'kumaipitirira akuseka. Lero taonani: chitsegulireni mwalamulo mu 2017 njira ya malasha yochokera ku Moatize kudzera m'Malawi mpaka ku Nacala-a-Velha, ya makilomita 912, pakhomo pathu pamadutsa sitima za mabogi oposa 100, usana ndi usiku, zazitali moti mutu umafika pa siteshoni mchira usanaoneke. M'katimo mudakali munthu, ana amamukwezera dzanja iye n'kuwayankha ndi hutala. Koma ku Australia, kampani ya Rio Tinto idayamba mu 2018 kuyendetsa sitima za miyala ya chitsulo zopanda makinisita, zoyang'aniridwa ndi anthu okhala m'chipinda mumzinda wa Perth, mtunda wa makilomita oposa 1,000 kuchokera kumene zikuyenda. Kumeneko njanji imadutsa m'chipululu, pamene kuno imadutsa pakati pa minda, zitsime ndi sukulu, mbuzi zikudya m'mbali mwake.

Magalimoto nawo asintha tili chipenyere. Awa obwera kuchokera ku Japan atagwirako kale ntchito ndi okongola, ofewa pokhala, osamwa mafuta ambiri, koma mukatsegula boneti mupeza zonse zitaphimbidwa, ndipo penapake pali kabokosi kotsekedwa kamene kamalamula mafuta, moto ndi magiya. Kanyali kakayaka pa dashibodi, galimoto imatha kukana kuthamanga popanda chitsulo chilichonse chothyoka, ndipo makaniko wa ku Cuamba, mwana wanzeru ndithu, amalumikiza kamakina kake ndi chingwe n'kuwerenga nambala imene kabokosiko kanena. Nthawi zina nambalayo imanena zoona; nthawi zina kachipangizo kakang'ono koyeza mpweya kangodzaza fumbi la kwathu kuno n'kumanamiza kabokosiko, mwini galimoto n'kutha ndalama kugula zitsulo zatsopano pachabe. Makaniko sangatsegule kabokosiko kuti aone mmene kakuganizira. Chimene angachite n'kukakhulupirira kapena kugula kena. Apa ndi pamene tidayambira kukwera chinthu chimene palibe aliyense m'dera lonse angachilondole mpaka pamene vuto labadwira.

Galimoto yoyenda yokha ndi kabokosi komweko katapatsidwanso chiwongolero ndi mabuleki. Imaona ndi makamera ndi radar, ndipo ina ili ndi chipangizo padenga chimene chimaponya kuwala kwa laser mbali zonse n'kuyeza kutalikira kwa chilichonse. Imanyamula mapu a misewu ojambulidwa mosamala. Ndipo pakati pa zonsezi pali pulogalamu ya kompyuta imene idaonetsedwa zithunzi mamiliyoni ambiri mpaka idaphunzira kunena kuti uyu ndi munthu, iyi ndi njinga, ichi ndi chikwangwani. Malangizo olembedwa m'galimoto yamakono amafika mizere mamiliyoni ochuluka, yolembedwa ndi magulu a anthu osadziwana, kotero kuti palibe munthu mmodzi amene adaiwerenga yonse. Ndipo mbali ija yophunzira pa zithunzi, ngakhale amene adaipanga satha nthawi zonse kufotokoza chimene yasankhira chakuti n'kusiya chakuti. M'mizinda ya Phoenix ndi San Francisco ku America, magalimoto a kampani ya Waymo akunyamula anthu tsiku ndi tsiku mpando wa dalaivala uli mbee. Ndi zodabwitsa, ndipo amene adazipanga ndi anthu a mitu yakuthwa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Usiku wa pa 18 Malichi 2018, mumzinda wa Tempe ku Arizona, mayi wa zaka 49, Elaine Herzberg, ankawoloka msewu akukankha njinga yolendewera matumba, chinthu chimene amayi athu amachita tsiku lililonse pochokera kuchigayo. Galimoto yoyenda yokha ya kampani ya Uber imene inkayesedwa idamuona kutatsala masekondi oposa 5 kuti imugunde, nthawi yokwanira kuti dalaivala wogalamuka aime. Koma kompyuta idayamba kusinthasintha maganizo: iyi ndi galimoto, ayi ndi chinthu chosadziwika, ayi ndi njinga, ndipo nthawi iliyonse ikasintha dzina inkaiwala kumene chinthucho chinkalowera, n'kuyambiranso. Ofufuza a boma adapeza kuti pulogalamuyo sidakonzedwe kuyembekezera munthu wowoloka pamalo opanda mizere, kuti mabuleki adzidzidzi amene galimotoyo idabwera nawo kuchokera kufakitale adali atazimitsidwa, ndiponso kuti munthu amene adaikidwa pampando kuti aziyang'anira adali maso pa foni. Mayiyo adamwalira. Amalume akadaona chinthu chosadziwika mumdima, sakadadikira kuti achipezere dzina. Phazi likadapita lokha pa buleki.

M'mbuyomo, mu Meyi 2016 ku Florida, galimoto ya Tesla imene mwini wake adaisiya kuti izidziwongolera idalowa pansi pa lole yaitali imene inkakhota kudutsa msewu, buleki osagwira n'komwe. Kampaniyo idati mbali yoyera ya loleyo sidasiyane ndi kuwala kwa thambo, ndipo ofufuza adapeza kuti pa mphindi 37 malemuwo adagwira chiwongolero masekondi 25 okha. Mu Okutobala 2023 ku San Francisco, mayi wina adagundidwa ndi galimoto yoyendetsedwa ndi munthu n'kugwera kutsogolo kwa galimoto yopanda dalaivala ya kampani ya Cruise. Iyo idaima ndithu, koma posazindikira kuti munthu ali pansi pake idanyamukanso kuti ikaime bwino m'mbali mwa msewu, n'kumukoka mamita pafupifupi 6. Idachita zimene idaphunzitsidwa, zoti pakachitika ngozi ichoke pakati pa msewu, ndipo kumvera kumeneko ndi kumene kudawonjezera mabala a munthu. Boma la California lidailanda chilolezo mwezi womwewo, ndipo pambuyo pake kampaniyo idavomera kuti lipoti lake loyamba silidatchule za kukokedwako.

Musati izi n'za kutsidya kwa nyanja kokha. Pa 10 Malichi 2019, masiku ochepa namondwe wa Idai asanasakaze mzinda wa Beira, ndege ya Boeing 737 MAX ya Ethiopian Airlines idagwa patangopita mphindi 6 chinyamukireni ku Addis Ababa kupita ku Nairobi, n'kupha anthu onse 157. Miyezi yosakwana 5 m'mbuyo mwake, ndege ya mtundu womwewo idali itagwera m'nyanja ku Indonesia ndi anthu 189. M'ndege zonse ziwiri mudali pulogalamu yoikidwa kuti izithandiza oyendetsa, imene inkamvera kachipangizo kamodzi kokha koyeza mmene mphuno ya ndege yapendekera pokumana ndi mphepo. Kachipangizoko katanama, pulogalamuyo idakankhira mphuno pansi mobwerezabwereza, oyendetsa akulimbana nayo ndi mphamvu zawo zonse. Kubwalo la amfumu mboni imodzi simaliza mlandu, pakuti mutu umodzi susenza denga, koma anthu ophunzira kwambiri adapachika miyoyo 346 pa mboni imodzi.

Tsono taganizani galimoto yotere itaikidwa pamsewu wa ku Mandimba tsiku la msika, pafupi ndi chipata cha Chiponde. Idzaona njinga itasenza matumba a makala mwini wake osaoneka kuseri. Idzaona njinga yamoto itanyamula chitseko chopingasa, kapena mbuzi yomangidwa pampando wa kumbuyo. Idzaona ana a sukulu atadzaza msewu, wapolisi akukupiza dzanja, masamba aawisi atayalidwa pa phula. Fumbi lidzamata makamera ake, mvula ya Januwale idzafafaniza m'mphepete mwa msewu, ndipo mlatho umene uli pa mapu ake ungakhale utapita ndi madzi usiku wathawu, pakuti tonse tidaona milatho imene namondwe wa Freddy adakokolola mu Malichi 2023. Ili ngati mkamwini wofika dzulo kuchokera kutali, wamphamvu ndi wakhama, koma wosadziwa kuti kanjira aka n'ka kumanda, aka n'kopita kumene amasamba amayi; ndipo choopsa chake n'chakuti sadziwa kuti sakudziwa, choncho saima kuti afunse.

Ndisakunamizeni kuti manja a anthu salakwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, ndipo kuno ku Africa, kumene magalimoto ndi ochepa, ndi kumene munthu ali pa chiopsezo chachikulu koposa. Liwiro, mowa, tulo ndi matayala otha zatidyera ana ambiri, ndipo anzanga a msinkhu wanga, ndani mwa ife sadaikepo m'manda munthu wophedwa ndi shapa yothamangira okwera? Sitidaiwalenso za ku Tenga, pafupi ndi Maputo, pa 25 Meyi 2002, pamene mabogi a anthu adasiyidwa pa chitsikira atatchingidwa ndi miyala yokha, n'kutsetsereka kukawomba mabogi a simenti, anthu oposa 190 n'kutha. Kumeneko kudalibe kompyuta. Makina samwa kachasu, sasinza, sanyamuka pakhomo atakangana ndi mkazi, ndipo n'kutheka ndithu kuti m'misewu yolembedwa bwino adzapulumutsa anthu ambiri. Koma dalaivala woledzera ndi mmodzi, amaoneka, amanunkha, ndipo mutha kutsika. Pulogalamu ikakhala ndi chilema, chilemacho chimakhala m'magalimoto onse a mtunduwo nthawi imodzi, chosaoneka, chikudikira tsiku limene zinthu zidzakumane mwa njira imene olemba sadaiganizire. Mu Disembala 2023 kampani ya Tesla idayenera kukonza pulogalamu m'magalimoto oposa 2 miliyoni ku America pa chifukwa chimodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi chimene makina amamuchita munthu wokhala pambali pake. Chinthu chikayenda bwino maulendo ambirimbiri, maso amatopa kuchilonda, dzanja limachoka pa chiwongolero, ndipo tsiku limene chalephera chimabweza ulamuliro kwa munthu amene maganizo ake ali kwina, nthawi yotsala yosakwanira ndi kumeza malovu komwe. Amati pakhale munthu woyang'anira, koma kulonda popanda chochita ndi ntchito yogonetsa tulo. Ajudanti ankakhala maso chifukwa chipika chidali m'manja mwake. Luso nalo likapanda kugwiritsidwa ntchito limachita dzimbiri, ndipo alipo kale achinyamata amene sangafike kumudzi kwa agogo awo foni ikazima. Kenako mlandu ukabwera umagwera yemwe ali pafupi. Pa imfa ya ku Tempe ija kampani sidaimbidwe mlandu wa upandu. Wantchito amene adali pampando ndi amene adaima m'khoti, navomera kulakwa mu 2023. Olemba pulogalamu ali kutali, kampani ili ndi maloya ake, ndipo namfedwa wa kwathu kuno ku Mecanhelas akadzafuna womufotokozera mmene mwana wake adafera, ndikuopa kuti adzangopatsidwa nambala ya foni.

Sindikuti mukane zatsopano, ana anga. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife amene tidakankha malole m'matope tikudziwa kukoma kwa phula kuposa inu. Njanji idali yachilendo, wailesi idali yachilendo, foni imene mumatumizira ndalama idali yachilendo, zonsezo tidazilandira. Koma kwathu munthu sankakhulupiriridwa chifukwa wavala bwino kapena chifukwa womubweretsa walumbira. Ankayamba wayesedwa m'dzinja ndi m'chilimwe, anthu akuona, ndipo muyezo umenewo musaufewetse poti woyendetsayo ndi kompyuta. Inu amene mukuphunzira ku Cuamba, ku Lichinga, ku Zomba ndi ku Blantyre, amene mawa mudzakhale m'maofesi osainira zilolezo, kumbukirani kuti nkhanga zidapangana kusanapse. Zinthuzi zisanatsike pa doko la Nacala, funsani kuti zidayesedwa m'misewu ya yani, zikasokonezeka zimaima kapena zimapitirira, ndani kuno kwathu angazitsegule n'kuona chimene chalakwika, ndipo zikapha munthu ndani adzabwere kudzakhala pansi pamaso pa amfumu. Wogulitsa akayankha zonsezi momveka, kwerani ndi mtima umodzi. Akayamba kuzungulira, musachite manyazi kunena kuti imani. Ndipo pakadali pano musaleke kuphunzitsa ana anu kugwira chiwongolero, kumvetsera injini ndi kulemekeza masamba a pamsewu, pakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.